Ndani Wakujambula, Rocchina?

Asola, 9 Sepitembala 1985

Amayi,

Azakhali a Sinforosa. Ndayamba ndi dzina limenelo kuti mudziwiretu kuti zonse zandipeza, musavutikenso kundibisira. Tsopano moni. Muli bwanji inu, ababa ndi mng'ono wanga Gerarda? Bondo lanu lija laleka kutupa? Ine ndili bwino. Maso okha amalasa madzulo chifukwa cha magetsi a kufakitale, koma aliyense woyang'ana masitonkeni tsiku lonse kufunafuna pong'ambika amadandaula zomwezo.

Prospero, mwana wa a Donato ometa tsitsi, wabwerako kutchuthi chake cha kumudziko Lachisanu, ndipo asanatule n'chikwama chomwe nkhani inali ikumuyabwa kale pakamwa. Akuti tsiku lophika tomato wa m'mabotolo pabwalo pathu, amayi onse a mumsewu mwathu ali pomwepo, inu munatulutsa zithunzi zanga. Azakhali anapukuta manja, n'kuvala magalasi, n'kuchiyang'ana cha ku Sirmione chija nthawi yaitali. Kenako akuti: "Akuseka bwino mwana wa achimwene. Koma akusekera ndani? Wamujambula ndani? Nanga mthunzi wa chipewa pansipa ndi wa yani?" Pofika madzulo mudzi wonse mpaka kuchigayo unali utadziwa kuti ndili ndi mwamuna kuno, wapabanja, wachipewa, wagalimoto yofiira. Galimotoyo anaiona pati pachithunzipo, kaya.

Mverani tsono. Lamulungu ndimayenda ndekha. Ndekha, Amayi, monga mmene munthu amapitira kuchimbudzi. Ku Sirmione ndinakwera sitima ya m'mawa mpaka ku Brescia, ina mpaka ku Desenzano, kenako basi. Ndi kamtunda kowonda ngati chala, kolowa m'nyanja. Polowera pake pali linga lamiyala loima m'madzi, kunsonga kwake kuli mabwinja ndi mitengo ya maolivi yonenepa kuposa yathu. Mthunziwo ndi wa mdala wina wa ku Jeremani, wamimba, wamawondo opsa ndi dzuwa. Ndinamupatsa kamera yanga, tikumvana ndi manja okha. Ndinkaseka chifukwa pobwerera chambuyo kuti ndikwane ine ndi linga lomwe, anatsala pang'ono kugwera m'madzi, mkazi wake n'kumugwira lamba uku akumukalipira. Mwamuna wanga wagalimoto ndi ameneyo. Auzeni azakhali kuti akamufuna ndiwapatsa, bola mkazi wakeyo alole.

Kalatayi ndi yanu nokha, musapite nayo kumpopi. Ndalama ndatumiza monga mwa masiku onse. Gerarda asabwereketse chikhoti changa chobiriwira kwa aliyense, makamaka kwa mwana wa azakhali. Tomato wanga mupatsire lole ya a Vito ikamabwera kuno.

Mwana wanu,
Rocchina

Asola, 23 Sepitembala 1985

Amayi okondedwa,

Moni nonse. Kalata yanu yafika Lachinayi, ndakondwa kuti bondo likukulolani kukwera kutchalitchi. Ine bwinobwino. Mabotolo afika, limodzi lokha ndilo lasweka.

Mwati Lamulungu ndizikhala pakhomo, kapena ndizipita kwa mkazi wa Prospero kumene akwathu amadyera pamodzi. Ndinapitako kawiri chaka chatha. Anthu khumi ndi anayi m'chipinda chimodzi, mawindo otseka, nkhani yake ya amene wamwalira kumudzi ndi amene watenga mimba asanakwatiwe. Ngati n'zimenezo ndikadangokhala kwathu, kumene miseche umaimva ikadali yotentha.

Za pakhomo ndiye simukuzidziwa. Kuno Misa ikatha tauni yonse imangoti zii. Mayi Ines, eni nyumba, ana awo amabwera ndi akazi awo kudzadya, ine m'chipinda mwanga kumangomva mafoloko kuseri kwa khoma. Amandiitana, ndisaname. Koma mpongozi wawo wamkulu anandifunsa tsiku lina ngati ife akumwera timadziwa ntchito ya bafa, kapena timadzalamo tomato. Ndinamuuza kuti timaviikamo anthu apakamwa mpaka afewe. Kuyambira pamenepo mpando wanga patebulopo umandibaya.

Mayi Ines eni ake ndi munthu. Dzulo atandiona ndikumanga nsapato anati, "Iwe mbalame yakumwera, lero ukuulukira kuti?"

"Ku Bergamo, mayi."

"Kukatani? Kuli zitunda zokhazokha ndi anthu ouma mitu."

"Ndiye ndikakhala ngati ndili kwathu."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiponyera mazira awiri owiritsa m'chikwama.

Bergamo ndi mizinda iwiri, wina pansi, wina pamwamba pa phiri. Kumtundako umakwera kasitima kokokedwa ndi chingwe, kopendekeka moti mayi wina pafupi nane anatseka maso njira yonse. Ndinayenda pamwamba pa khoma lozungulira mzindawo, chigwa chonse chili pansi panga mpaka kuutsi wa ku Milano. M'tchalitchi chachikulu muli golide woti bambo mfumu athu atalowamo angakomoke. Ndinakhala pabenchi ola lathunthu, popanda wondifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Musandidere nkhawa, ndili ndi njira zanga. Ndimanyamuka m'mawa, ndimabwerera dzuwa lisanalowe. M'sitima ndimasankha chipinda momwe muli masisitere kapena mayi wa ana. Ndimanyamula nyuzipepala, amuna a m'sitima akaona mkazi akuwerenga amasowa poyambira. Ndikasochera ndimafunsa nkhalamba yaikazi yonyamula buledi, imeneyo siingakhale mlendo. M'malesitilanti sindilowa kawirikawiri, chifukwa wopereka chakudya amafunsa mokweza kuti, "Muli nokha, mtsikana?" ndiye mitu yonse tembenu. Ndimadya buledi ndi tchizi pamasitepe a tchalitchi, nkhunda zikundilondera.

Mwapempha kuti ndizikuuziranitu kumene ndikupita, kuti muzindinenera kolona ndili m'njira. Chimenecho ndavomera, koma inu nokha. Lamulungu likubwerali ndi ku Parma, lotsatira ku Verona.

Kuntchito kwabwera kapitawo watsopano, wokonda kuima pafupi kwambiri kumbuyo kwa munthu. Zimenezo ndidzakuuzani pamaso.

Rocchina

Asola, 14 Okutobala 1985

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine chimfine chinandigwira masiku atatu, chapita.

Gerarda wandilembera zimene inu munandibisira. Makolo a Egidio, omwe amayenera kubwera kumapeto kwa mwezi watha kudzapempha mng'ono wanga, atumiza mawu kuti ziyambe zaima mpaka nkhani ya mkulu wake ioneke mutu wake. Nkhani ya mkulu wake! Ndipo ndani amakhala benchi limodzi ndi mayi ake a Egidio Lamulungu lililonse? Ndani amawaperekeza potuluka, mutu utagundana ndi mutu? Za mwana wa azakhali wamwamuna uja ndi zimene amakachita ku Potenza Loweruka ndikhala chete. Pakadali pano.

Kalata ya Gerarda ndaiwerenga kanayi. Sakundinyoza, bola akadandinyoza. Akungoti, "Rocchì, siya kaye miyezi itatu yokha, chifukwa cha ine." Ndiuzeni inu, Amayi, ndikasiya anthu adzati chiyani? Adzati wachipewa uja wamutaya. Ndikapitiriza adzati akadali naye. Mwamuna ameneyu kulibe, koma sindingathe kumusiya, iyenso sangathe kundisiya. Ukwati wolimba chonchi mudzi wathu sunauonepo.

Dzulo ndinati ndisapite kulikonse, koma pofika 7 koloko miyendo inali itandifikitsa kale kusiteshoni. Ku Mantova nkufupi, umangosintha sitima pa Piadena. Mzindawo wazunguliridwa ndi madzi mbali zitatu, ndipo m'nyumba ya mafumu akale muli zipinda zoti ungasochere mpaka Lachitatu. M'chipinda china denga analijambula ngati pali chiboo chozungulira chooneka kumwamba, m'mphepete mwake amayi atasuzumira pansi, akukuyang'ana iwe wolowa, akumwetulira ngati akudziwa kanthu. Pambali pawo pali mphika wa maluwa wotsamira pakandodo, wongotsala pang'ono kugwa.

Mlonda wa chipindacho, mdala wa ndevu zoyera, anati, "Mtsikana, khosi lithyoka. Mwayang'ana kumwamba nthawi yaitali."

Ndinati, "Amayiwa ndikuwadziwa, bambo. Wapakatiyo ndi azakhali anga."

"Ndiye chokanipo pansi pa mphikawo. Zaka mazana asanu akhala akudikira woti amugwetsere."

Ndinaseka, n'kutuluka. Mvula itayamba ndinalowa m'kalesitilanti kena n'kudya tortelli, pasita wawo woikamo maungu. Ngwotsekemera ngati keke. Inu mukanalavula, ine ndinamaliza mbale yonse mokwiya.

Zithunzi sinditumizanso, zomwe muli nazozo muzitsekere m'kabati. Gerarda mumuuze kuti nsalu ya diresi imene anaifuna ndaiona ku Verona, ndidzamugulira ine. Mumuuzenso kuti mwamuna woopa amayi ake lero adzawaopabe ali ndi imvi. Ayi, chimenecho musamuuze.

Rocchina

Asola, 28 Okutobala 1985

Amayi,

Moni. Ndamva kuti maolivi abereka bwino chaka chino, musamalole ababa kukwera makwerero okha. Ine ndilipo.

Mizere itatu ya kumapeto kwa kalata yanu, ngakhale dzanja ndi lanu, mawu ndi a ababa, ndawamva mmene amagwera. Pofika Khirisimasi ndikhale nditasiya ntchito n'kubwerera, apo ayi adzabwera kudzanditenga okha. Awuzeni motere. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Zaka zisanu ndinkadzuka kusanache kuthamangira basi ya ku sekondale ku Potenza, iwo omwe akunyadira kwa anzawo ku bala kuti mwana wawo adzagwira ntchito yolembedwa. Sindinachite zimenezo kuti ndidzakhale pawindo ndi singano, kudikira kuti azakhali andikhululukire tchimo lomwe analota okha. Sindibwera.

Dzulo ndinapita kuchilumba cha m'nyanja ya Iseo. Sitima kuchokera ku Brescia imayenda m'mphepete mwa madzi, kenako kaboti kamakuwolotsa mphindi zochepa. Kulibe galimoto kumeneko. Amayi amakhala pamakomo kuluka maukonde, nsomba zoyanika zili ndandanda pamitengo. Ndinafuna kukwera mpaka kukatchalitchi ka pamwamba pa phiri, koma mvula inandibweza pakati panjira, ndipo ndinakhala maola atatu m'kachipinda kodikirira boti, nsapato zili chonyowa, ine ndi galu wa eni ake.

Ndikuuzeni zoona, poti ndinu mayi anga. Si Lamulungu lililonse limakoma. Pena ndimafika pamalo pomwe ndakhala ndikupalakalaka sabata yonse, ndikangoima pamenepo mtima uli kale pa sitima yobwerera. Ndikafika m'chipinda mwanga ndimatsegulanso buku la nthawi za sitima. Sindikudziwa chimene ndikufuna. Ndikungodziwa kuti ndikakhala pansi chimandipeza. Mnzanga wina wa kuntchito akuti ku Switzerland akufuna atsikana, ndipo sindinamuyankhe kuti ayi. Zimenezi musawauze ababa.

Rocchina

Asola, 4 Novembala 1985

Amayi,

Moni. Kalata yanu sinabwere sabata ino, ndikhulupirira si matenda. Kumanda kwa agogo munandiikirako maluwa?

Dzulo ndinayesa kukumverani. Ndinakhala pakhomo. Ndinachapa zochapachapa kale, ndinasita mpaka mipango, ndinawerenga maluwa a pakhoma. Pofika masana Mayi Ines anagogoda n'kunena kuti, "Iwe, ukundithera matailosi ndi kuyendayenda kwakoko. Tuluka, kapena ndikumangirira kumwendo wa bedi." Nkhungu yayamba, kunja sukuona ngakhale mpanda wa nyumba yoyandikana nayo.

Lamulungu likubwerali ndithandiza Mayi Ines kutsitsa mbaula. Koma pa 17 ndipita ku Cremona, sitima ya 8 koloko, kusintha pa Piadena. Kuli nsanja yaitali kwambiri ya njerwa ndi amisiri osema zoimbira zansambo zotchedwa mavayolini. Ndakuuzani monga tinapanganira, kuti kolona yanu idziwe kolowera.

Rocchina

Asola, 18 Novembala 1985

Amayi,

Moni. Ababa ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa pomwe kalatayi izifika adzakhala atafika kale, koma sadzakuuzani zonse. Ine m'thupi ndili bwino.

Ndinatsika ku Cremona cha m'ma 9, nkhungu ili mbuu. Ndisanatuluke pasiteshoni ndinamva munthu akutsokomola. Chifuwa chimenecho ndakula nacho, ndingachizindikire pakati pa anthu chikwi. Nditacheuka pang'ono ndinaona suti yakuda ya kumaliro ija itabisala kuseri kwa kanyumba kogulitsira nyuzipepala, kapu ili m'maso, m'manja muli sutikesi yathu yomanga ndi lamba. Mmene inkalendewera ndinadziwa kuti mulibe kanthu. Anabwera nayo kudzalongedzamo ine.

Ndikadapita kukawapsompsona dzanja, ndikudziwa. Koma mutu unatentha. Ndinati mumtima, mwabwera kudzagwira mwamuna wachipewa, tiyeni tikamufune limodzi.

Ndinawayendetsa, Amayi. Mulungu andikhululukire, ndinawayendetsa. Ndinadzera njira yaitali. Pawindo lililonse la osema mavayolini ndinaima ngati ndikufuna kugula, iwo ali njo pakona, m'chisanu, akunamizira kuwerenga chikwangwani. Ndinalowa Misa ya 11 m'tchalitchi chachikulu, iwo kuseri kwa mzati, ndipo pa nthawi yokweza Ukalistia, anthu onse ali chete, sutikesi inawapulumuka n'kugwa kuti phuu. Sindinacheuke. Titatuluka, pabwalo lalikulu mwamuna wina wa chikhoti chabwino, wachipewa, anandiima kutsogolo. Ndinamva nsapato za ababa zikuthamanga kumbuyo kwanga. Munthuyo ankangofunsa njira ya kuchipatala. Ndinamulozera, anavula chipewa, n'kumapita. Ababa anamutsatira pang'ono, n'kuima pakati pa bwalo, mutu uku ndi uku, osadziwa kuti alonde uti.

Ndinadya buledi wanga pamasitepe. Iwo anaima pansi pa khonde la masitolo, osadya kanthu. Pamenepo ndikadaleka. Sindinaleke.

Wogulitsa matikiti pansi pa nsanja anati, "Lero kumwamba simukaona kanthu, mtsikana."

"Ndikudziwa."

"Masitepe ndi mazana asanu, kuwonjezerapo awiri."

"Ndikudziwa, bambo."

Ndinkaganiza kuti adikira pansi. Ndili pokhota pachitatu ndinamva mkangano. Watikiti akuti sutikesi isiyidwe, ababa akuti, "Ndisiyire iwe? Ndimakudziwa ine?" Kenako nsapato, ndi sutikesi ikugunda khoma, gu, gu, gu. Ine kukwera, iwo kukwera. Ndikaima, iwo kuima. Mpweya wawo unkamveka m'nsanja monse ngati mvukuto. Ndinawerenga masitepe mpaka mazana anayi, kenako ndinazindikira kuti ndikumva mapazi anga okha.

Mmene ndinatsikira sindikukumbuka. Ndinawapeza atakhala pasitepe, mutu atatsamiritsa kukhoma, nkhope ili ngati phulusa, milomo yachita bii.

"Ababa!"

Anatsegula diso limodzi. "Pita. Akukudikira."

"Ndani?"

"Wakoyo. Si kumwambako mwapangana?"

"Kumwambako kuli nkhunda ndi mphepo, ababa. Ine ndinakuonani pasiteshoni pomwe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuwamasula kolala. "Ndiye wandizunguza dala tsiku lonse ngati bulu wa pachigayo."

"Mwadzizunguza nokha. Ine ndimayenda chonchi Lamulungu lililonse."

"Mwana wa njoka iwe."

"Wa inu."

Ndinawapempha kuti titsike. Anakana. Anati alipira tikiti yonse, akafika. Tinakwera masitepe khumi khumi, sutikesi ndanyamula ine, dzanja lawo lili paphewa panga, lolemera ngati thumba la tirigu. Kumwambako tinapeza kuti nkhungu yatsala pansi pathu, yoyera ngati ubweya wa nkhosa woyanika, nsonga za matchalitchi zikutuluka apo ndi apo, dzuwa lili ngwee. Ababa sanayang'ane zimenezo. Anazungulira mbali zonse zinayi, anasuzumira ndi kuseri kwa chitseko komwe. Kenako anakhala pansi pa sutikesi.

"Tsiku lonse," anatero, "palibe ndi mmodzi yemwe amene wakutchula dzina."

"Kuno sandidziwa. N'chimene ndimadzera."

"Ndikadamupeza, ndikadamuthyola nsagwada, n'kukutenga, nkhani n'kutha. Nanga izi ndizitani? Mwana wanga kudya buledi wouma pamwala, nkhunda ndizo abale ake." Anapukuta m'maso ndi kapu, akuti ndi mphepo.

Ndinati, "Ababa, ine ndaona mizinda khumi ndi inayi. Inu mwaona ingati?"

"Iwiri. Potenza, ndi kuja ndinali msilikali."

"Lero itatu."

"Uno sindinauone. Ndaona msana wako wokha." Anadzuka n'kupita kukaima kukhoma, manja m'thumba. "Ndiye kuchigwa konseku kulibe phiri ndi limodzi lomwe? Anthu ake amabisala kuti?"

Tikutsika ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji tsiku ndi sitima yake. Anayankha ngati palibe kanthu. "Amayi ako anatiwerengera kalata patebulo. Sinforosa anali pomwepo, ndiye anati ndipite ndikawagwire ndi manja."

Kugona kwa Mayi Ines anakana, akuti nkhumba sizidziwa kuti mwini wake watopa. Pasiteshoni ndinawagulira khofi ndi buledi wa nyama, anadya ataimirira. Ndinafuna kuika torrone, switi wa uchi ndi mtedza wa kuno, m'sutikesi kuti akupatsireni. Anandiletsa, n'kumuika m'thumba la jekete. "Iyi ikafike mmene inachokera. Ndikaitsegulira pabwalo la tchalitchi, aliyense asuzumiremo, aone kuti sindinapeze kanthu." Sitima ikubwera anati, "Za Khirisimasi uchite zimene ukufuna. Kwa bambo ake a Egidio ndikapita ndekha. Sinforosa ndi mlongo wanga, ndikudziwa pomugwira." Sanandipsompsone. Anangondikoka khutu, monga kale.

Muwatengere kwa dokotala ku Potenza akawapime mtima. Akanena kuti palibe kanthu musawamvere, ine ndinaiona nkhope ija.

Za inu ndilemba mtima ukazizira. Lero ayi.

Rocchina

Asola, 2 Disembala 1985

Amayi,

Moni. Ndakondwa kuti dokotala wawapatsa mapiritsi, muziwawerengera nokha, iwo adzawabisa m'thumba. Bondo lanu mulisamale ndi chisanuchi. Ine ndili bwino.

Gerarda wandilembera masamba anayi. Akuti makolo a Egidio anabwera Lachinayi ndi maluwa, ukwati ndi mwezi wa Meyi. Ndidzabwera, ndidzamuveka ndekha. Khirisimasi ndidyera kuno, Mayi Ines andiitana ndipo ndavomera, mpongozi wawo apirire.

Azakhali akuti iwo anangofunsa funso. Awuzeni kuti paukwatipo tidzakhala matebulo osiyana, ndipo akadzanditambasulira dzanja adzalibweza lili lozizira. Koma iwo sanandilonjezepo kanthu, Amayi. Anachita zimene akhala akuchita chibadwire.

Inu munandipempha kuti ndizikuuzani njira zanga kuti muzindipempherera. Ndinakuuzani tsiku, ola ndi posinthira sitima. Ndinakuuzani ndi zimene sindinauzepo munthu. Mwandilembera masamba atatu ofotokoza kuti munali ndi mantha, kuti munapanikizika pakati pa ana awiri, kuti zonse zatha bwino. Ndawerenga kawiri kufunafuna mawu amodzi okha opepesa, ngati mmene ndimafunira pong'ambika pa sitonkeni. Mulibe. Mukadandifunsa maso ndi maso kuti, "Rocchina, kodi alipo?" ndikadakuyankhani, ndipo ababa sakadakhala pasitepe paja milomo ili bii.

Ndizikulemberanibe. Ndinu mayi anga, zimenezo sizisintha. Koma kolona yanu kuyambira tsopano izipempherera njanji zonse za kumpoto kuno, isankhe yokha. Dzulo ndinapita kwinakwake. Kunali kokongola, ndinabwerako bwino.

Nkhani imeneyi ndathera pano. Musaiyambitse m'kalata, musadzaiyambitse mu Meyi. Ine sindidzaitchulanso.

Mwana wanu,
Rocchina